Mtedza Umene Imelda Anasiya

Ndinakankha chitseko osaodira. Pa nyumba imeneyo ndinali nditasiya kale kuodira, chifukwa ukati odi panalibe woyankha.

"Anjira, dzukani. Mangani mpango, tikupita kumunda."

A Esnart anali pamphasa pomwe ndinawasiya dzulo lake, nkhope kukhoma. Phala limene ndinawabweretsera linali m'mbale momwemo, litauma pamwamba.

"Munda uti?" anafunsa osatembenuka.

"Wa Imelda."

"Imelda alibe munda. Ali ndi dzenje."

Ine ndine Stelia, koma kuno ku Guilleme amandidziwa ndi mfunda, Nasoko. Ine ndi a Esnart tinamanga chinjira tili atsikana, ndiye chawo chinali changa, maliro awo anali anga. Imelda anali mwana wawo mmodzi yekha wotsala. Chaka chimenecho, 1998, matenda aja amene tinkawatchula monong'ona anali atatenga kale mwamuna wake. Imelda naye anagwa m'munda nthawi yokumba mtedza, khasu lili m'manja, ndipo mwezi wa Julaye tinamuika. Kuyambira pamenepo amayi ake anasiya tchalitchi, anasiya kumunda, anasiya ngakhale kukangana nane, zimene zinandiopsa kuposa zonse.

"Mtedza wamera," ndinatero. "Munda wonse wa kuseri kwa manda wabiriwira. Ndaona ndi maso angawa. Ndinalawirira kuchulu kukaona ngati ngumbi zatuluka, ndiye ndapeza zimenezi. Koma Jonasi wamanga ng'ombe. Akuti akaugalauze mundawo aokeremo fodya. Ndamuletsa, wandiyankha kuti munda si wanga, akanene mwini wake. Mwini wake ndinu. Dzukani."

Jonasi anali mlongo wawo wamng'ono. Sanali munthu woipa ayi. Anaona munda ukugona, mvula yagwa, mbande zakula kunazale, mlongo wake sakudzuka. Wina aliyense akanaganiza chimodzimodzi.

"Musiyeni agalauze," anatero a Esnart. "Mtedza wa Imelda munadya pamaliro. Mwaiwala?"

Sindinaiwale, ndipo palibe wa mphakati wathu, kagulu kathu ka tchalitchi ka m'mudzi, amene anaiwala. Imelda atadwalika kale, osathanso kuyenda, anatiuza kuti timutulutsire mtedza wochepa umene anakwanitsa kukumba uja. Anakhala pamphasa padzuwa nkumasankha umodziumodzi, waukuluwaukulu wokha, Chalimbana weniweni. Anaumanga m'kathumba nati, "Amayi, iyi ndi mbewu. Musadye ngakhale njala ivute." Kathumbako kanaikidwa kuseri kwa chitseko.

Tsiku la maliro anthu anabwera ambiri, ena mpaka ochokera ku Zambia, kwawo kwa malemu mwamuna wake. Ndiwo zinachepa. Amayi a mphakati amene ankaphika anafufuza m'nyumba, anapeza kathumba kaja, anathokoza Mulungu, anaswa, anasinja, natendera mfutso. Ine ndinali mkati pafupi ndi mtembo, monga mnjira amachitira. Mitondo ndinaimva ikulira, koma pamaliro mitondo imalira. Anthu anadya nayamikira kuti ndiwo zakoma. M'mawa mwake a Esnart anasuzumira kuseri kwa chitseko. Sanakalipe, sanafunse munthu. Anatola kathumba kopanda kanthuko, anakapinda, ndipo m'mawa umene ndikunenawu mutu wawo unali utatsamira pa kathumba komweko.

"Mulungu anandilanda mwana," anapitiriza, mawu ali phwetephwete ngati akunena za nyengo. "Anthu ake anandidyera mbewu. Tsopano mukufuna ndikaone udzu?"

Ine zonyengerera munthu sindizitha. Ndinamasula mfundo ya chitenje changa, ndinatulutsa kamtedza kamodzi kamene ndinazula ndi dothi lake, ndinawatsegula dzanja ndi kuwaikira.

Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Mwazula m'munda mwa munthu kuti mundipusitse."

"Anjira, mwakalamba nawo mtedza. Yang'anani kumuzu."

Anakatembenuza. Pansi pa timasamba take panali khoko, lofewa, lakuda, long'ambika pakati, koma khoko ndithu.

"Ndani amadzala mtedza ndi makoko?" ndinawafunsa. "Nditchulireni chitsiru chimodzi m'Mchinji muno."

Anadzuka nakhala tsonga. Kanali koyamba m'masabata ambiri kuwaona akudzuka popanda kuwakoka. Wodzala amadzala woswa. Wa makoko ndi wotsalira m'nthaka, umene mwini wake sanaukumbe.

Nthawi yomweyo panja panalira belu la njinga. Anali a Benedicto, akatekisi athu, aphunzitsi a za tchalitchi, amene ankabwera kawirikawiri kudzapemphera ndi a Esnart, kapena ndinene kuti kudzapemphera pafupi ndi msana wa a Esnart. Munthu wabwino, koma pemphero lake ukhoza kuika mbatata pamoto nkupsa iye asanafike pa amen.

"Odi kuno. Mtendere wa Ambuye ukhale m'nyumba muno."

"Ukhale," ndinayankha. "Njingayo ili ndi mpweya?"

"Ndapopa m'mawa uno. Mayi Nasoko, kwagwanji? Tiyeni tiyambe takhala pansi, tiyambe ndi pemphero."

"Mupempherera panjinga, aphunzitsi. Tembenuzani."

A Esnart anafuna kuimirira, mawondo anakana. Munthu wosadya miyezi yonseyo sayenda. Ndinawagwira m'khwapa, ndinawakulunga chitenje, ndipo ine ndi a Benedicto tinawakhazika pakaliyala ngati thumba la chimanga lopita kuchigayo. Anapepuka mochititsa mantha. Dzanja limodzi anagwira malaya a akatekisi, linalo anafumbata kamtedza kaja.

"Tidzere kuti?" anafunsa a Benedicto.

"Kudambo. Jonasi ndi ng'ombe wazungulira kumsewu. Tikadula padambo timupeza asanachite zambiri."

"Kudambo kuli matope."

"Matope amachapika. Palasani."

Anapalasa. Ine ndinakwinya chitenje mpaka m'mawondo nkumathamanga pambuyo, nkhalamba ya zidzukulu zokwatiwa. Musandifunse kuti mphamvu ndinazitenga kuti. Mtima unkagunda ngati ng'oma, koma sikunali kutopa kokha. Ndinali ndi chimwemwe chimene ndinali ndisanachimve kuyambira tsiku la maliro, ndipo ndinkaopa kuti pulawo ya Jonasi ichikwirira ndisanachionetse munthu.

A Benedicto anamveradi mawu anga. Anayamba pemphero la korona ali pachishalo, mawu akuduka pa bampu iliyonse. Ine ndinkayankha kumbuyo mmene mpweya unkalolera. A Esnart sanayankhe, komanso sanawaletse.

Anthu anali m'minda, ena akudzala chimanga, ena akuokera. Ataona akatekisi akupalasa ndi a Esnart kumbuyo, ine ndikuthamanga, anaponya makasu.

"A Nasoko, ndi kuchipatala?"

"Ayi."

"Ndani watisiya?"

"Palibe. Tolani makasuwo mutitsate."

Masiku amenewo munthu wothamanga ankatanthauza chinthu chimodzi chokha. Tinali titazolowera. Ndiye anthu ataona kuti ndikuthamanga uku mano ali panja, anasokonezeka, ndipo kusokonezekako kunawakoka kuposa mmene uthenga wa maliro ukanawakokera. Pofika padambo kumbuyo kwanga kunali kagulu ka amayi, ambiri a mphakati wathu. Pakati pawo ndinaona a Eunice, amene anali wapampando wa zophikaphika tsiku lija. Chiyambire maliro ankazungulira njira kuti asadutse pakhomo pa a Esnart.

Padambo tayala lakutsogolo linatitimira. A Benedicto anatsitsa phazi, nsapato yawo ya tchalitchi inalowa m'matope nkutsala momwemo. Anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa.

"Nsapato yanga, mayi."

"Muipeza pobwerera. Achule savala nsapato."

Amayi anagwira njinga uku ndi uku, tinainyamula pamodzi ndi munthu wake mpaka kutsidya. Apo ndi pamene tinamva mawu a Jonasi kuseri kwa mitengo ya kumanda, akukalipira ng'ombe.

"Palasani, aphunzitsi. Wayamba."

Munda wa Imelda uli kuseri kwa nkhalango ya manda, ndipo ndi chifukwa chake unapulumuka. Minda ina ikakololedwa, ana amakunkha zotsalira, anyamata amakumba mbewa, nkhumba zimafukula. Koma kumeneko anyamata a mbewa safikako, ndipo Imelda atagweramo anthu anaupewa mundawo. Ife tonse tinali kuchipatala ndi iye, kenako pamaliro, kenako aliyense kwake. Palibe anakumbukira kuti mtsikanayo anakumba mbali yochepa chabe.

Tinatulukira pamunda. Jonasi anali atagalauza kale mizere ya kumphepete, dothi lofiira litagadabuka, timtedza tili mizu m'mwamba. Ng'ombe zinali zikutembenuka kuti ziyambe mzere wina.

A Esnart anatsika panjinga okha. Anayenda akudzandira, osagwira munthu, nakaima kutsogolo kwa ng'ombe.

"Jonasi, masula ng'ombe."

Jonasi anagwira chingwe, kukamwa kuli yasa. Anali asanamve mawu a mlongo wake panja kwa miyezi.

"Alongo, mwadzuka?"

"Ukuona mzukwa? Masula."

"Alongo, tamverani. Uwu ndi mtedza wongomera wokha. Taonani, apa umodzi, apo uwiri, apo palibe. Chiswe chinadya wambiri. Mudzakolola chiyani? Ine ndimati ndiokere fodya kuti chaka chino mukhale ndi pogwira. Sindikukulandani munda."

"Ndikudziwa."

"A Nasoko ndi amene akukusokonezani. Iwowa akaona kanthu kobiriwira amayesa kumwamba kwatseguka."

"Jonasi," ndinatero, "ndinakusambitsa uli ndi chipere m'mutu. Usanditchule."

Amayi anaseka. Jonasi anakanda m'mutu momwemo. Kunena zoona, pamene tinaimapo iye sankanama. Kumphepeteko Imelda anakumba ali ndi mphamvu, ndiye wotsalira unali wapatalipatali. Ndinawagwira mkono anjira anga.

"Musaweruzire pano. Tiyeni kuchulu."

Tinayenda pang'onopang'ono m'mizere yakale, anthu akutitsata. Tikamapita mkati, mtedza unkachuluka. Poyamba wapatali, kenako wapafupi, kenako mzere uliwonse unali ndi mutu wobiriwira. Munthu ukanatha kuwerenga m'nthakamo mmene mphamvu za mtsikanayo zinkathera. Apa ankakumba bwino. Apa khasu linkangopala pamwamba. Apa ankazula ndi manja, mtedza nkumadukira pansi. Ndipo pafupi ndi chulu, pamene tinamutola tsiku lija, sanakumbe konse. Pamenepo mtedza unamera mothithikana, phando lililonse ngati chisa, timasamba tikunyezimira ndi mame, mpaka kumalire.

Tonse tinaima pamenepo tikuuyang'ana.

A Esnart anagwada. Anakumba ndi chala pambali pa phando limodzi, mosamala, mpaka anaona makoko akuda ali m'munsi. Anakwiriranso. Anasisita timasamba ndi chikhatho monga ankasisitira mutu wa Imelda m'chipatala. Kenako analira. Pamaliro sanalire choncho. Uku kunali kulira kotuluka m'mimba, ndipo amayi ena anafuna kuthamangira kukawagwira.

"Asiyeni," ndinatero. "Chithupsa chikuphulika."

Tinadikira. Ng'ombe za Jonasi zinayamba kudya udzu wa m'malire.

Atapuma, a Esnart anapukuta nkhope ndi mpango, nalankhula osayang'ana aliyense.

"Malo ano ndinkadana nawo. Ndinkati ndi pamene Mulungu anamugwetsera mwana wanga. Ndinkati sindidzapondapo." Anakhudzanso dothi. "Miyezi yonseyi dzuwa likuotcha, nthaka ili gwa ngati mwala, chiswe chikuyenda, ine ndili chigonere. Uwu unali pansi pano. Panalibe woulondera."

"Analipo," anatero a Benedicto.

Ndinawayang'ana ndi diso lakuti musayambe, koma anapitiriza, ataima ndi nsapato imodzi.

"Mayi, Ambuye athunso anawaika m'manda, anthu nabwerera kwawo akuti zatha. Sizinathe."

Anathera pomwepo. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa a Benedicto, umenewo ndiye unali ulaliki wawo waufupi, ndipo ndi wokhawo umene ndingaubwereze.

A Esnart anatembenukira kumitengo ya kumanda. Manda a Imelda anali pafupi, kungodutsa malire ndi kanjira.

"Ndinkati Mulungu wandilanda basi," anatero. "Kani amasunga. Anjira, amene wasunga mtedza m'dothi louma chonchi, mwana wanga angamutaye?"

"Sangamutaye."

"Sindikuti zasiya kuwawa."

"Palibe wanena zimenezo."

"Koma ali m'manja mwake. Sali m'dzenje chabe." Anatambasula dzanja. "Ndigwireni ndiime. Udzu wayamba kale m'mizeremu, simukuuona?"

Apo ndinadziwa kuti anjira anga abwerera. Munthu amene waona udzu wachira mbali yaikulu.

Jonasi anali atamasula kale ng'ombe popanda womuuzanso. Anabwera atagwira chipewa m'manja, maso ali ofiira, nanena kuti fumbi lamulowa, ngakhale kuti kunali matope okhaokha.

"Mizere wagalauzayo okeramo fodya wako," anamuuza mlongo wake. "Kuyambira apa mpaka kuchulu usapondemo ndi ng'ombe."

"Ndamva, alongo."

Amayi sanadikire kuuzidwa. Makasu anali nawo kale. Ena anayamba kupalira, ena kukwezera mizere yakale imene mvula inaphwasula, ena kutola timtedza timene pulawo inagadabula nkumatiokera m'mipata ndi dothi lake. Wina anayambitsa nyimbo ya Pasaka, mu Novembala, ndipo akatekisi anatsegula pakamwa kuti akonze za nyengo ya tchalitchi, kenako anaganiza bwino nayamba kuimba besi.

A Eunice okha sanagwire khasu. Ndinawaona akubwerera m'mbuyo, kenako akuthamanga kulowera kumudzi. Ndinati manyazi awathawitsa. Koma dzuwa lisanafike pamutu anabwera ndi lichero pamutu, muli mtedza woswa kale, mbewu yawo imene anakonza kuti adzale m'munda mwawo tsiku lomwelo. Anagwada patali pang'ono ndi a Esnart.

"Mayi, ndabweretsa wopakiza m'mipata. Si wa Imelda, koma ndi Chalimbana yemweyo." Anatula lichero pansi. "Tsiku lija sitinafunse. Tinangoona thumba."

A Esnart anawayang'ana, anayang'ana lichero, anatapa mtedza pang'ono nauyesa m'dzanja.

"Ndiwo zija zinakoma?"

A Eunice anazyolika.

"Ndikufunsa, Eunice. Ine ndinangolawa."

"Zinakoma, mayi."

"Mwana wanga ankadziwa kusankha." Anabweza mtedza m'lichero. "Kapakizeni. Koma uwu ukacha musadzatendere."

A Eunice anaseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo munda wonse unaseka nawo. Ine ndinatuma mayi wina kuti akatenge phala lija, alitenthetse. A Esnart analidya atakhala pachulu, lonse, nadandaula kuti mchere ndinachepetsa.

Sindikunamizani kuti tinakolola zodzaza nkhokwe. Jonasi ananena zoona pa zina. Wina unafota, wina unadwala khate, wookera uja wambiri sunagwire. Koma wa pachulu unabereka, ndipo a Esnart anakhala pamphasa padzuwa nasankha waukuluwaukulu, naumanga m'kathumba komwe kaja. Ulendo uno anakapachika kudenga, ndipo aliyense wa mphakati anauzidwa kuti n'chiyani. Pa Khirisimasi analowa m'tchalitchi. Anakhala kumbuyo, analira Misa yonse, koma Lamulungu lotsatira anabweranso. Masiku ena chisoni chinkawagwetsanso pamphasa. Ndikawapeza choncho sindinkawalalikira. Ndinkangoti tiyeni tikaone munda, ndipo ankadzuka.

Nsapato ya a Benedicto sitinaipeze.

A Esnart anatisiya zaka zingapo pambuyo pake, mwamtendere, ndipo agona pafupi ndi mwana wawo, moyang'anana ndi chulu chija. Mbewuyo ilipobe. Ili kudenga kwanga, ili kwa a Eunice, ili m'makomo ambiri a mphakati wathu, ndipo timaitcha mtedza wa Imelda.

Tsopano inu amene mwatsala ndi miyendo yolimba, mudzachite bwino kuposa mmene mudzi wathu unachitira. Mukapita kukaphika pamaliro, thumba lililonse muzifunsa mwini wake musanalimasule. Ndipo nyimbo zikatha, alendo atabalalika, musamangouza wofedwa kuti Mulungu alipo nkumapita kwanu. Pitani mukaone munda wake. Ife tinausiya mpaka Mulungu anachita kutilimira yekha, ndipo pang'ono pokha tikanaugalauza.